Paki ya ku Cape Maclear: nyama zake zili pansi pa madzi

Munthu akamva mawu oti paki, m'mutu mwake mumabwera njovu za ku Liwonde, mikango ya ku Majete, mpanda wamagetsi ndi galimoto yopanda denga. Ndiye akafika ku Cape Maclear n'kuuzidwa kuti walowa mu Lake Malawi National Park, amayamba kuunguzaunguza. Akuona amayi akukwecha mapoto m'mphepete mwa nyanja, ana akuchita chipako m'madzi, usipa uli mbuu pathandala, anyamata akusoka ukonde pansi pa mtengo. Nanga pakiyo ili kuti? Ena amafika pokangana ndi wapageti kuti akulipiriranji, poti nyanja ndi ya Mulungu.

Wapagetiyo salakwa. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo amtengo wapatali padziko lonse. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 94, koma si malo amodzi oti mungawazinge ndi mpanda. Ndi zidutswazidutswa: mapiri a kunsonga kwa Nankumba komwe mtunda umalowa m'nyanja ngati chala, mapiri a Nkhudzi ndi Mwenya chakummwera kwa Monkey Bay, ndi zilumba 13, kuyambira Domwe, Thumbi, Mumbo ndi Boadzulu ku Mangochi mpaka Maleri, Nankoma ndi Nakantenga kumbali ya Salima. Ndiyeno pali kalamba ka madzi. Kuchokera pomwe mtunda wa paki wathera, mamita 100 kulowa m'nyanja ndi paki ndithu, ndipo kupha nsomba mmenemo n'koletsedwa. Madzi onsewo mukawaphatikiza ndi masikweya kilomita 7 okha, panyanja ya masikweya kilomita oposa 29,000. Kalamba kameneka ndiye mwini nkhani. Mapiri ndi mitengo yake anaziteteza, mwa zina, kuti dothi lisakokoloke n'kukakwirira miyala ya pansi pa madzi, chifukwa m'miyalamo ndi momwe muli nyama za pakiyi: tinsomba totchedwa mbuna.

Kwa ife Amalawi apa ndiye povuta kumvetsa. Nsomba timaidziwa ili m'mbale. Chambo ndi cha mlendo wolemekezeka, kampango ndi wa msuzi wonona, usipa ndi utaka ndiwo amatitulutsa pakati pa mwezi. Mbuna sizilowa kwenikweni m'ndandanda umenewu. Ndi zazing'ono, zambiri sizipitirira chikhatho, ndipo zimakhala m'mapanga momwe ukonde umakodwa n'kung'ambika. Ndiye boma kuika agemu kuti azilondera kansomba kosapezekapezeka ngakhale mumsika wa Limbe, ena amaona ngati ndi zachizungu. Chonsecho nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Akatswiri amati mitunduyo ingafike 1,000, ndipo yambiri sinapatsidwebe mayina a sayansi. Mbuna zokha zili mitundu yoposa 350, pafupifupi yonse yosapezeka kwina kulikonse. Dzinalo linachokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay, koma lero amalitchula ku Germany, ku America ndi ku Japan, komwe anthu amaweta tinsombati m'matanki agalasi m'nyumba zawo.

Kuti mumvetse chomwe chinachulukitsa mitunduyi, yambani ndi m'mene mbuna imaberekera. Yaikazi ikaikira mazira imawatola ndi pakamwa nthawi yomweyo. Yaimuna ili ndi timadontho tachikasu pachipsepse cha kunsi, tooneka ndendende ngati mazira. Yaikazi ikamalimbana n'kutola timadonthoto poyesa kuti yaiwala ena, yaimuna imatulutsa mbewu yake, n'kukakumana ndi mazira aja m'kamwa. Kuchokera apo mayiyo amakhala pafupifupi milungu itatu osadya, masaya ali tutumu, ana akukulira m'kamwa. Akawalavula amakhala ali kale tinsomba tathunthu, ndipo timathawira m'ming'alu ya mwala womwewo. Palibe dzira loyandama lomwe mafunde angalitengere kutali.

Onjezanipo khalidwe lina: mbuna imaopa mchenga ndi madzi akuya. Pamtetete palibe pobisala, ndipo nsomba zolusa zimadikira pomwepo. Choncho mbuna za pamulu wina wa miyala zikhoza kukhala mibadwomibadwo osakumana ndi zinzake za pamulu wina, ngakhale pakati pake pali mtunda woti mwana angaupalase pabwato asanatope. Mulu uliwonse uli ngati mudzi wosakwatirana ndi midzi yoyandikana nayo. Zazikazi zimasankha mwamuna poona mtundu wa khungu lake, ndiye pakapita nthawi kuno amuna akhala obiriwira amizeremizere, uko achikasu, kwina akuda a chipsepse chofiira. Nyanjayi yakhalanso ikuphwa ndi kudzaza kambirimbiri m'mbiri yake yaitali, kulumikiza miyala ina ndi kulekanitsa ina. N'chifukwa chake pali mitundu yomwe dziko lake lonse ndi chilumba chimodzi. Mukawononga miyala ya pamenepo, mtunduwo wathera pomwepo, palibe kokatenga mbewu. UNESCO imayerekeza nsombazi ndi timbalame ta ku zilumba za Galapagos tomwe tinathandiza Charles Darwin kuganizira m'mene zamoyo zimasinthira.

Kadyedwe nakonso kanagawana. Zambiri zimadya ndere zomera pamiyala, koma iliyonse ndi chida chakechake. Ina pakamwa pake panayang'ana pansi, pamwamba pali kamphuno konenepa, moti imapala mwala itagona chopingasa ngati munthu wopala moto. Ina mano ake ali ngati chipeso, imangopesa ndere n'kutolamo tizakudya. Ilipo ina yoipa mtima yomwe imadya mamba ndi zipsepse za zinzake. Ndipo m'malire a miyala ndi mchenga mumapezeka kalingono, yemwe si mbuna koma ndi wa banja lomwelo: amagona chammbali pansi, mawanga ake akuoneka ngati nsomba yovunda, tinsomba tikabwera kudzajompha maliro, iye n'kudzuka.

Zonsezi simungazione mutakhala pampando wa pagombe ndi botolo m'manja, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri a ife timabwerera kumudzi titangoona mchenga. Chofunika ndi magalasi oonera pansi pa madzi ndi kapaipi kopumira, zomwe anyamata a maboti amabwereketsa. Malo apafupi ndi Otter Point, kumapeto kwa gombe kupitirira Golden Sands komwe kuli maofesi a paki ndi kanyumba kosungiramo mbiri ya nyanjayi. Enanso ndi chilumba cha Thumbi chomwe chimaonekera kutsogolo kwa mudzi wa Chembe. Simufunika kukhala katswiri wosambira. Valani jekete yoyandamitsa, gwirani mwala, viikani nkhope. Mphindi yoyamba mumangomva mtima ndi mpweya wanu ukulira m'kapaipi. Kenako maso amazolowera, n'kuona kuti mwala womwe mwaugwirawo uli ndi eni ake. Kamphongo kobiriwira kakuzungulira kamalo kosaposa lichero, kakuthamangitsa aliyense wodutsapo, ngakhale chala chanu. Chapansi pake gulu la zazikazi zotuwa likupala ndere, mitu pansi michira m'mwamba. Mukakhala phee mumamva ngakhale kutheka kwa mano pamwala.

Anyamata a maboti amakonda kukupatsani chidutswa cha buledi kuti mufumbate, nsomba n'kukuunjirirani m'manja. Chithunzi chake chimakongola, sindikana. Koma nsomba yodya ndere si ya buledi, ndipo chomwe mukuona pamenepo ndi phwando la olimbirana chakudya, osati moyo wawo wa masiku onse. Ine ndingakonde kuti musunthe pang'ono kuchoka pomwe maboti amaima, mukaone zomwe sizikuyembekezera kanthu kwa inu. Pa Thumbi pomwepo pali chinthu china chomwe wokuperekezani sangakuuzeni: si mbuna zonse za pamenepo zomwe ndi mbadwa. Paki isanakhazikitsidwe, ogulitsa nsomba zoweta kunja anatayirapo mitundu yomwe anaitenga kumadera ena a nyanja, ndipo ina inakhazikika, kuyamba kulimbirana malo ngakhale kuswana ndi eni mudzi. Ntchito yomwe mchenga ndi madzi akuya zinagwira kwa zaka zosawerengeka, ndowa imodzi inaisokoneza.

Tsopano tibwerere kwa amayi otsuka mapoto aja. Pamene pakiyi inkakhazikitsidwa anthu sanasamutsidwe. Midzi isanu, Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale, inasiyidwa pomwe inali, ngati zilumba za anthu pakati pa paki. Malo a mudziwo si a paki, koma kumbuyo kuli phiri la paki, ndipo kumbali kuli madzi a paki. Midzi ina mwa imeneyi mumafikako paboti kapena wapansi basi. Chembe ndiye wamkulu ndi wakale, lero uli ndi anthu oposa 10,000, ndipo m'midzi inayo muli asodzi ambiri omwe makolo awo anachokera kumpoto kwa nyanja potsata nsomba. Anthuwa achuluka kwambiri poyerekeza ndi 1980, koma malo sanakule. Kolima n'kochepa, ndiye munda weniweni ndi nyanja. Nkhuni zophikira ndi zowambira nsomba zili m'phiri lotetezedwa. Amayi amaloledwa kutola zouma zokha, ndi chilolezo, ndipo mukadzuka m'mamawa mudzawaona akutsika ndi mitolo yaitali kuposa iwo eni.

Pamadzi ndiye pamakhala mkangano weniweni. Mamita 100 alibe chingwe, alibe chikwangwani. Usiku asodzi a chilimira amapita kutali, siginala ali pabwato lake ndi nyali zokopera usipa, anzake akuzinga ukonde. Amenewo ali ndi boti la injini ndi mafuta. Koma mkulu wa kabwato kobowoka ndi matchera ake awiri sangafike kumeneko, makamaka mwera ukamawomba. Malo abata oti angatchere ndi kuseri kwa chilumba, mkati mwenimweni mwa malire oletsedwa, komwenso utaka umasonkhana pafupi ndi miyala. Agemu akamupeza amalanda ukonde, womwe mwina anaugula pangongole. Iye amaona boti la alendo likuima pamalo omwewo, anthu akuseka, akudyetsa nsomba buledi. Mlendo ndi mame, mawa wapita, koma ndalama ya pageti wapamudzi saiona bwinobwino komwe yalowera. Wina anganene kuti malojiwo alemba ntchito anthu ambiri, ophika, olondera, oyendetsa maboti, osema ziboliboli, ndipo n'zoona. Kungoti wolembedwa ntchito ndi wolandidwa ukonde kawirikawiri sakhala munthu mmodzi.

Si kuti anthu a kunyanja sadziwa kusunga nsomba. Pachilumba cha Mbenje ku Salima, kunja kwa pakiyi, ufumu wa a Makanjira wakhala ukutseka usodzi miyezi ya dzinja chaka ndi chaka kuyambira m'ma 1950, aliyense n'kuchoka pachilumbapo mpaka tsiku lotsegulira. Lamulolo limamveka chifukwa eni ake amaona phindu lake m'ukonde. Vuto la mbuna n'loti phindu lake silioneka m'ukonde.

Komabe pali nkhani imodzi yomwe inaonetsa kuti nsomba yosafika m'mbale nayo ili ndi ntchito, ndipo imakhudza thupi lanu inu mlendo. Ndi nkhani ya likodzo. Tizilombo take timayenda chonchi: wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa, tiana timalowa m'nkhono, timachulukana mmenemo, kenako timatuluka kukaboola khungu la aliyense amene ali m'madzimo. Kale zinkadziwika kuti nkhono zotere zimakhala m'mabango ndi m'madzi odikha, ndipo gombe lamchenga loyera linkatengedwa ngati labwinobwino. Kuyambira m'ma 1980 matendawa anachuluka ku Chembe. Ofufuza, motsogozedwa ndi Jay Stauffer wa ku America ndi Henry Madsen wa ku Denmark, anapeza kuti mtundu wina wa nkhono wokhala mumchenga, Bulinus nyassanus, unachuluka pomwe nsomba zodya nkhono, monga Trematocranus placodon, zinachepa m'madzi osaya. Chinazichepetsa ndi makoka a maso aang'ono okokera kugombe, kuphatikizapo maneti a udzudzu, omwe amakokolola ndi ana omwe. Mlonda atachoka, nkhono zinatenga gombe.

Izi sizikutanthauza kuti musasambire. Kumiyala ya kuzilumba, kutali ndi midzi, chiopsezo n'chochepa kusiyana ndi m'madzi osaya a kutsogolo kwa mudzi, ngakhale sichitheratu. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe ana amalandira m'masukulu aja. Chomwe ambiri amalakwitsa n'kumwa tsiku lobwerera. Mankhwalawa amagwira bwino nyongolotsi zikakhwima, choncho pamafunika padutse milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, ndipo mlingo wake umatengera kulemera kwa munthu. Kaonaneni ndi achipatala, musadikire kuona magazi mumkodzo, chifukwa ena saona chizindikiro chilichonse.

Zopsinja pakiyi sizichokera kwa asodzi okha. Mu 2011 boma linapereka zilolezo zofufuza mafuta panyanjayi, ndipo UNESCO yakhala ikuchenjeza kuti mafuta atatayikira m'nyanja yomwe madzi ake amatuluka pang'onopang'ono kudzera mu Shire yekha, kuipako kungakhale kwa mibadwo. Pambuyo pake ntchito ya bungwe la madzi la Southern Region Water Board yomanga thanki ya madzi paphiri la Nkhudzi, mkati mwa paki, inafika mpaka kukhoti: mbali ina anthu ofuna madzi a m'mipope, omwe atopa kutunga m'nyanja momwe muli ng'ona, mbali ina oopa kuti msewu wokwera phirilo ugwetsera dothi pamiyala ya mbuna. Onse anali ndi mfundo. Nayo nyanja ili ndi zake: mu 2024 madzi anakwera kwambiri moti magombe ndi nyumba zina za alendo ku Mangochi zinamira.

Mukatopa ndi madzi, kumtunda kuli zoona. Pafupi ndi Golden Sands pali manda a amishoni a Livingstonia. Anafika pano mu 1875 pa sitima ya Ilala, yomwe anthu anaisenza zidutswazidutswa polambalala mathithi a Shire, ndipo pakati pawo panali Robert Laws. Dzina la malowa anali atapereka kale David Livingstone, pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi ku Cape Town. Anaona doko labwino ndi mchenga woyera, osadziwa kuti malungo ali pomwepo. Dokotala William Black anamwalira mu 1877, ena anatsatira, ndipo mu 1881, chaka chomwe anabatiza munthu wawo woyamba, Albert Namalambe, anasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe. Udzudzu womwe unawathamangitsawo sunasamuke nawo, ndiye neti yogonamo musaiwale. Tinjira tokwera phiri timayambira chakomweko. Tengani wokuperekezani, nyamukani dzuwa lisanakwere, ndipo mudzakumana ndi anyani, apusi, mbira zothawira m'mapanga ndi ang'azi owothera pamiyala. Katumbu amafuna mwayi. Nkhwazi ndiye simungaiphonye: woyendetsa boti amaimba likhweru, n'kuponya kansomba, iyo n'kutsika mumtengo wa pachilumba, zikhadabo patsogolo, kutola osanyowetsa nthenga. Ofuna bata amapalasa kayaki kupita ku Domwe, chilumba chachikulu chomwe chinalekana ndi mtunda pa kampata kotchedwa Ilala Gap, kapena kukagona ku Mumbo, makilomita pafupifupi 10 kuchokera kugombe, komwe kulibe mudzi.

Za nyengo, funsani mphepo musanafunse mtengo wa chipinda. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera wochokera kummwera, ndipo nyanja yomwe m'mawa inali ngati galasi imatha kusanduka ina masana. Woyendetsa boti akati lero sitipita, musamunyengerere ndi ndalama. Seputembala mpaka Novembala kumatentha koma madzi amakhala oyera ndi odekha, ndiyo nthawi yabwino yoonera nsomba. M'dzinja mapiri amabiriwira, mitsinje imabweretsa matope, ndipo mpoto umatha kudzuka mwadzidzidzi. Pa Khirisimasi, Pasaka ndi tsiku la anakubala gombe limadzaza ndi mabasi ochokera m'tauni, zimbale zili pamwamba, m'mawa mwake mabotolo ndi mapepala apulasitiki ali mbwee. Ngozi zomira zimakonda masiku omwewa, ndipo kawirikawiri mowa umakhalapo. Nyanjayi pena imazama mamita pafupifupi 700, ndipo kuzilumba mwala umatha mwadzidzidzi, phazi n'kusowa poponda.

Kafikidwe n'kosavuta. Ochokera ku Lilongwe amatsikira ku Golomoti kudzera ku Dedza kapena kuzungulira ku Salima, ochokera ku Blantyre amadzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi. Mutatsala pang'ono kulowa m'tauni ya Monkey Bay pali mphambano, ndipo kuchokera apo ndi makilomita pafupifupi 18 okhotakhota m'mapiri. Opanda galimoto amakwera matola kapena kabaza wa njinga yamoto. Pageti Mmalawi amalipira ndalama yochepa kusiyana ndi wochokera kunja, ndiye chiphaso chikhale m'thumba, ndipo lisiti mulisunge chifukwa amalifunsanso popita kuzilumba. Mtengo wa boti mugwirizane musanakwere, ndipo muwerenge majekete ngati akukwana onse, ana omwe. Akakubweretserani chambo chamadzulo, chiyang'aneni kukula kwake. Ngati ndi kasawala, kamwana ka chambo kosafika pobereka, mukhoza kukana mwaulemu n'kupempha kampango kapena usipa.

Pobwerera, m'mbali mwa msewu womwewo wa m'mapiri, muimeko pa Mwala wa Mphini. Ndi chimwala chachikulu chokhala ndi mizere yozama yopingasana, ngati mphini zomwe agogo ankatema kumaso, ndipo chili m'gulu la zipilala zotetezedwa ndi boma. Akatswiri a miyala amati mizereyo inadza ndi kung'aluka ndi kuperepeseka kwa mwalawo m'zaka zambirimbiri. Anthu a m'deralo amaupatsa ulemu wina, ndipo asing'anga akhala akupalako timiyala tosakaniza m'mankhwala. Potsika galimoto tsekani mawindo, chifukwa anyani a pamsewu umenewu amalidziwa jumbo la buledi ali patali.